Savoy, Malo Odyera Akale a ku Helsinki

Chiyambi chake

Ku Helsinki, likulu la dziko la Finland, kuli malo odyera otchedwa Savoy. Ali pamwamba pa nyumba ya nsanjika, m'mbali mwa paki ya Esplanadi. Anatsegulidwa mu 1937 ndipo mpaka lero akulandirabe alendo. Munthu amakwera chikepe, akatuluka n'kuona madenga a mzindawo ali pansi pake.

Amene anakonza mkati

Ntchito yokonza mkati inapatsidwa kwa Alvar Aalto ndi mkazi wake Aino. Onse awiri anali akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Iwo sanafune zokongoletsa zambirimbiri. Anafuna kuti wobwera kudzadya akhale momasuka, maso asamupweteke, ndipo acheze ndi mnzake mtima uli m'malo.

Anagwiritsa ntchito kwambiri matabwa, makamaka a mtengo wa birch umene ndi wochuluka m'nkhalango za ku Finland. Mipando inachokera ku Artek, kampani imene banjali linayambitsa mu 1935 pamodzi ndi anzawo awiri. Nsalu zake anakonza ndi mayi wina waluso loluka, Dora Jung.

Nyale ndi galasi

Zinthu ziwiri za m'chipindamo zinatchuka dziko lonse. Choyamba ndi nyale yolendewera yotchedwa Golden Bell. Ndi yachitsulo chonyezimira ngati golide, yooneka ngati belu. M'munsi mwake muli timabowo tozungulira mkombero wonse. Kuwala kumagwera patebulo, kwina n'kumatulukira m'timabowomo pang'onopang'ono, osathobwa m'maso.

Chachiwiri ndi chikho chagalasi choikamo maluwa. Milomo yake ndi yokhotakhota, ndipo maluwa amatsamira m'makhotamo. Alvar Aalto anachijambula mu 1936 pa mpikisano wa kampani yopanga magalasi, ndipo mu 1937 chinaonetsedwa ku Paris. Chifukwa choti chinaikidwa m'malo odyerawa, anthu anangochitcha kuti Savoy. Kampani ya Iittala ikuchipangabe.

Mlendo wotchuka

Carl Gustaf Mannerheim, mkulu wa asilikali amene anakhala pulezidenti wa Finland kuyambira 1944 mpaka 1946, ankakonda kudya kumeneku ndipo anali ndi tebulo lakelake. Chakudya chake chapamtima chinali vorschmack. Imeneyi ndi nyama yogaya ya nkhosa ndi ng'ombe, yosakaniza ndi nsomba zamchere ndi anyezi. Amadyera mbatata ya kachewere, bitiruti ndi mkaka wowawasa wofanana ndi chambiko.

Kukonzanso

Patapita zaka zoposa 80, zinthu zinali zitatha ndithu. Eni ake anaitana Ilse Crawford wa ku London kuti atsogolere ntchito yokonzanso. Iye sanataye zakale. Amisiri anatsuka ndi kupukuta matabwa, anakonza mipando yoyambirira n'kuikuta ndi nsalu zatsopano.

Savoy inatsegulidwanso mu 2020, ndipo alendo a lero amadyera m'chipinda chomwe chija chimene Aino ndi Alvar Aalto anakonza.