Nyimbo za pa cikwati: oimba kapena DJ?

Cikwati cikayandikira, ankhoswe ndi a komiti amakhala pansi kuwerenga zofunika: mpunga, mbuzi, nkhuni, mipando, zovala. Nkhani ya nyimbo imabwera kumapeto, ndalama zitatha kale. Komatu alendo amaiwala msanga ndiwo zimene anadya. Cimene saiwala n'cakuti anavina kapena anangokhala pansi.

Njira zilipo ziwiri. Mungaitane oimba, anthu amene amaimba pomwepo ndi pakamwa, ng'oma kapena magitala. Mungaitanenso DJ, munthu amene amabwera ndi nyimbo zojambulidwa kale pa fulashi, pa foni kapena pa kompyuta, n'kumaziliza pa masipika. Zida zakezo ambiri kuno amazichula ndi dzina la Cipwitikizi, aparelhagem.

Cikwati cake n'cotani?

Yambani ndi funso limeneli. Lamulo la banja la Mozambique la caka ca 2004 linavomereza maukwati a mitundu itatu: wa ku Registo Civil, wa cipembedzo ndi wa mwambo. Ku Registo sikufunika woimba. Nyimbo zimafunika ku nyumba yopemphereramo, pa mcezo wa usiku ndi pa madyerero.

Ku Mandimba ndi ku Ngauma Ayao ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Ngati ili ndowa, funsani ashehe musanalipire aliyense. Mizikiti imasiyana. Ina imalola sikiri, pamene amuna amaimba ndi kuvina pamodzi, mawu akucokera m'cifuwa. Ina siifuna. Ina imalola aparelhagem kunyumba, bola izimitsidwe nthawi ya swala. Ngati cikwati n'ca kuchalichi, m'kati mwa mapemphero imaimba ndi kwaya, DJ amadikira kunja.

Zimene oimba amatha

Oimba amaona anthu. Akaona kuti agogo adzuka, amaitalikitsa nyimboyo kuti avine mokwana. Amalowetsa m'nyimbo dzina la mkwati, la mkwatibwi ndi la mudzi wao. Amayi akamaimba nyimbo za malangizo, wina amatsogola, ena onse amayankha, nthungululu zili pakamwa. Pamenepo palibe woonerera, aliyense ali m'bwalo. Fulashi singacite zimenezi.

Gulu la ng'oma silifuna magetsi. Limafuna moto pang'ono wowambira ng'oma, cifukwa cikopa cimalefuka kukazizira kapena kukacita cinyezi. Mu Juni ndi Julayi ku Massangulo mudzaona alizang'oma akupita kumoto kawirikawiri. Musadandaule, ndi mmene ng'oma imakhalira.

Koma oimba ndi anthu ambiri. Onse adye, amwe, ndipo ngati acokera kutali, muwalipirire galimoto popita ndi pobwera. Kucoka ku Cuamba kufika ku Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150. Gulu la anthu khumi pa ulendo umenewo lingadye ndalama zoposa malipiro ao enieni. Amatopanso. Mawu amasasa, manja amatupa, ndiye amafuna kupuma. Ndipo amaimba zimene amadziwa basi. Acinyamata akafuna amapiano ya ku South Africa, mlizang'oma angowayang'ana.

Bandi ya magitala ndi nkhani ina. Niassa ili ndi bandi yochuka, Massukos, imene inayamba ku Lichinga mu 1994. Mtsogoleri wake ndi Feliciano dos Santos, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2008 cifukwa ca nchito yophunzitsa anthu za ukhondo ndi madzi abwino. Bandi yotere imatenga magule akwathu n'kuwaika pa magitala ndi kiyibodi. Koma magitalawo ndi maikolofoni zimafuna magetsi, monga mmene aparelhagem imafunira. Amene amaganiza kuti akaitana bandi wathawa vuto la magetsi, walakwa.

Zimene DJ amatha

DJ ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo nyimbo ali nazo mazana. Angalize marrabenta, kizomba, nyimbo za Mr. Bow, za Lucius Banda, za Black Missionaries, za kwaya, kenako za Ciyao ndi za Cimakua. Kuno zimenezi n'zofunika. Pa cikwati cimodzi pamakhala abale a ku Cuamba olankhula Cimakua, a ku Ngauma olankhula Ciyao, ndi ena odutsa pa Chiponde kucokera ku Mangochi. Mbali iliyonse imafuna imveko yao.

Pamene DJ amaposa ndi pa perekani-perekani. Mwambo umenewu ndi waukulu ku Malawi, ndipo mabanja a m'malire amaudziwa bwino. Wotsogolera mwambo amaitana magulu, a kucimuna, a kucikazi, anzao a kunchito, aneba. Gulu lililonse limabwera likuvina ndi kuponya ndalama m'licero. Nyimbo imafunika iyambe msanga, idulidwe msanga, ina ilowe. DJ amangodina batani. Nyimbo ikakhala yokoma, munthu amene anakonza 20 meticais amaponya 100. Ndalama zimenezi ndi zimene mabanja ambiri amabwezera ngongole za cikwati, conco musapeputse.

Zovuta za DJ ndi ziwiri. Coyamba ndi mawu a m'nyimbo. Zina zimakoma kuvina koma zili ndi mawu olaula, ndipo DJ wacinyamata angaziike apongozi ali pomwepo. Manyazi amenewo sagwera DJ ai, amagwera banja limene linamuitana. Mkwati kapena mlongo wake akhale naye pansi sabata imodzi cikwati cisanafike, amvetsere nyimbozo, acotse zosayenera. Caciwiri ndi phokoso. Masipika akakwera kwambiri, ankhoswe akamalangiza samveka, makanda amalira, akuluakulu amanyamuka dzuwa lisanalowe. Muuzeni kuti wamkulu akaimirira kuti alankhule, nyimbo izime.

Magetsi

Ngati panyumba pali magetsi a EDM, gulani Credelec yokwanira dzulo lake, ndipo mugwirizane kuti agula ndani. Ngati mukukoka kwa aneba, agwirizane nao ndi eni cikwati, osati DJ. Magetsi angathe kuzima nthawi iliyonse, makamaka m'dzinja, ndiye funsani ngati DJ ali ndi jenereta. Funsaninso kuti petulo ndi wa ndani. Pa mfundo imeneyi anthu amakanganapo kwambiri, usiku, alendo akuonerera.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi anthu. Musaiike m'cipinda cotseka pofuna kucepetsa phokoso. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Nthambo zisadutse m'madzi kapena pamene ana akusewera. Solar ya panyumba, yoyatsira mababu ndi kuchajira foni, singalize masipika aakulu usiku wonse.

Ndiye tisankhe ziti?

Ngati cikwati cili kumudzi kopanda magetsi, ndipo oitanidwa ambiri ndi acikulire, gulu la ng'oma kapena kwaya ya pamudzi pomwepo n'lokwanira. Kubwereka jenereta ndi kugula petulo cifukwa coti kwa auje kunali DJ, kumeneko n'kudzikola m'khosi. Ngati cili m'tauni, ku Cuamba kapena pa Mandimba, ndipo mukuyembekezera ndalama za perekani-perekani, DJ amabweza ndalama zake.

Mabanja ambiri amagawa tsiku. Amayi ndi ang'oma amatenga mcezo ndi nthawi yoperekeza mkwatibwi. DJ amatenga masana ndi madzulo. Zimenezi zimayenda bwino ngati aliyense akudziwa ola lake. Apo ai, DJ amakweza masipika amayi ali m'kati moimba, ndipo mbali ina ya banja imabwerera kwao ndi mangawa.

Lembani pangano

Pangano la pakamwa limasintha tsiku la cikwati. Tengani pepala, mulembe dzina la DJ kapena la mtsogoleri wa gulu, tsiku, malo, ola loyamba ndi ola lomaliza. Lembani mtengo wonse ndi cikole cimene mwapereka. Pa Mandimba lembaninso ngati ndi meticais kapena kwacha, cifukwa "mazana asanu" si amodzi. Onjezani za galimoto, petulo ndi cakudya. Asaine awiri, mboni ikhale nkhoswe. Mukalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, musafufute uthengawo.

Miyezi ya cilimwe, anthu akagulitsa fodya, thonje ndi soya, maukwati amaculuka. DJ wabwino angalandire cikole kwa mabanja awiri pa Loweruka limodzi, n'kutumiza mng'ono wake ndi sipika imodzi kwa inu. Lembani kuti abwere iye mwini, ndi masipika angati.

Ngati nyimbo zidzalira mpaka usiku, dziwitsani amfumu kapena a secretário a bairro pasadakhale. Ndipo kambiranani za maliro. Pamudzi pakagwa zovuta, ng'oma siilira, aparelhagem siilira. Pepala lanu linene kuti zikatero cikole cidzabwezedwa, kapena cidzadikira tsiku latsopano.