Mwambo wa Mpira mu Mzinda wa Massillon

M'dziko la America, m'chigawo cha Ohio, muli mzinda waung'ono wotchedwa Massillon, umene anthu ake, chiyambire masiku a makolo awo amene ankakhetsa thukuta m'mafakitale osula zitsulo, amati mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, mitima yawo yonse imalunjika ku sukulu ya sekondale ya Washington, kumene anyamata amakhala akukonzekera nyengo ya mpira wachimereka, uja wonyamula m'manja, wothamangitsana ndi kugwetsana.

Mwambowu si wa dzulo kapena dzana ayi. M'chaka cha 1894 anyamata a ku Massillon anakumana koyamba ndi anzawo a ku Canton, mzinda woyandikana nawo, ndipo mpikisano wa awiriwa ukalipobe kufikira lero lino. Koma amene anakweza dzina la Massillon ndiye Paul Brown, mwana wokulira komweko, amene pophunzitsa timu ya sukulu ya Washington kuyambira 1932 kufikira 1940, m'zaka zosautsa zija pamene ntchito zinasowa ndipo mabanja ambiri anasauka, anapambana masewero 80, nagonja 8 okha. Ndipo khamu la oonerera litasefukira, panamangidwa bwalo lalikulu mu 1939, limene tsopano litchedwa ndi dzina lake.

Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo a ku Massillon anawagwiritsitsa mawu amenewa, pakuti anakhazikitsa mwambo wakuti mwana wamwamuna akabadwa, okonda timuyo amuikire kampira kakang'ono pogona pake. Chotero mnyamata wovala malaya a timuyo, yotchedwa Tigers, amalowa m'bwalo akudziwa kuti atate ake ndi agogo ake akumuyang'ana, ndi kuti ulemu wa mzinda wonse wausenza iye pamodzi ndi anzake.