Ana a Kholo Limodzi: Mbiri ya Kuchulukitsa Zomera ndi Nyama Zofanana

Nthochi imene anthu amadya ilibe njere zoti n'kumera. Mlimi akafuna kukuza munda amakumba mwana wa nthochi amene waphuka m'mbali mwa tsinde n'kukamuoka pena. Chomeracho chimatenga chibadwa chonse kwa kholo limodzi, moti msinkhu, kukula kwa mkoko ndi kakomedwe zimakhala zomwezo. Asayansi amatcha kachulukitsidwe kotere cloning, koma lusoli ndi lakale kwambiri kuposa sayansiyo. Ofukula zakale anapeza zizindikiro ku Kuk, m'mapiri a New Guinea, zoti anthu ankalima nthochi kumeneko zaka pafupifupi 7,000 zapitazo.

Mbewu zina zambiri zinayenda m'dziko mwa njira yomweyi. Chinangwa, chimene Apwitikizi anabweretsa ku Africa kuchokera ku Brazil m'zaka za m'ma 1500, amachibzala podula mtengo wake m'zidutswa. Mbatata amabzala kholowa, nzimbe amakwirira mfundo zake. Kwa mlimi phindu lake linali loonekeratu: mtundu umene wakoma chaka chino udzakomanso chaka chamawa, pamene mbewu ya njere imatha kutuluka mosiyana ndi kholo lake.

Mitengo ya zipatso inafuna luso lina, lokwatitsa. Amadula kanthambi ka mtengo wobereka bwino n'kukalumikiza pa tsinde la mbande ina ya mizu yolimba. Agiriki ndi Aroma akale ankachita zimenezi ndi mphesa, maolivi ndi maapozi, ndipo Theophrastus analemba za njirayi cha m'ma 300 Khristu asanabadwe. Chitsanzo chaposachedwa ndi mapeyala a Hass. Onse anachokera ku mtengo umodzi umene Rudolph Hass anabzala ku California cha m'ma 1926. Mtengowo unafa mu 2002, koma nthambi zake zikuberekabe m'minda ya ku Mexico, Kenya ndi South Africa. Ku Malawi njira yofanana nayo inasintha ulimi wa tiyi. Minda yoyamba ya ku Mulanje ndi Thyolo inali ya njere, ndipo chitsamba chilichonse chinkabereka mwa chokha. Bungwe la Tea Research Foundation, limene linakhazikitsidwa ku Mulanje mu 1966, linasankha zitsamba zabwino n'kumazichulukitsa ndi timitengo ta tsamba limodzi, ndipo mitundu monga SFS 150 ndi PC 108 inafalikira motero.

Komatu kufanana kumeneku kuli ndi vuto lake. Ngati kholo silipirira matenda ena, munda wonse sungapirire. Ku Ireland anthu osauka ankadalira mtundu umodzi wa mbatatesi wotchedwa Lumper, ndipo chiwawu chitafika mu 1845 chinaoletsa mbewu zaka zotsatizana. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda. Nthochi ya Gros Michel, imene inkagulitsidwa kwambiri ku America ndi ku Ulaya, inagonja m'zaka za m'ma 1950 ku matenda a m'nthaka otchedwa Panama. M'malo mwake munalowa Cavendish, nayonso ya kholo limodzi, ndipo mtundu watsopano wa matendawo, TR4, unapezeka m'minda ya Cavendish ku Nampula, ku Mozambique, mu 2013. Alimi a ku Malawi anaziona ndi chisaka cha nthochi, chimene chinayamba kudziwika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990 n'kudzasakaza minda ya ku Thyolo ndi Mulanje. Nsabwe za nthochi zimafalitsa kachilombo kake, koma mwambo wabwino wopatsana ana a nthochi pachibale unathandizanso kukafikitsa kutali.

Mankhwala a vuto la mbande zodwala anachokera mu labotale. Mu 1902 Gottlieb Haberlandt wa ku Austria ananena kuti selo limodzi la chomera likhoza kukula n'kukhala chomera chathunthu, ngakhale iye sanathe kuzichita. Mu 1958 F. C. Steward anameretsa kaloti kuchokera ku maselo a muzu wake. Ku France, Georges Morel anaonetsa kuti kansonga kenikeni ka mphukira nthawi zambiri kamakhala kopanda tizilombo, choncho kakaleredwa m'botolo la chakudya chapadera kamatulutsa mbande zoyera zambirimbiri. Mbande za nthochi zimene alimi amalandira atazula minda yodwala zimachokera ku luso limeneli.

Nyama zinavuta kwambiri, chifukwa mwendo wa mbuzi sungaubzale. Mu 1902 Hans Spemann anagawa mluza wa kanyama kotchedwa salamander ndi tsitsi la mwana, n'kupeza mapasa. Mu 1962 John Gurdon wa ku Oxford anachotsa phata la dzira la chule, mmene mumakhala chibadwa, n'kuikamo phata la selo la m'matumbo a mbululu, ndipo dziralo linakula. Ambiri ankakayikabe ngati zingatheke ndi selo la nyama yoyamwitsa yaikulu kale, mpaka nkhosa yotchedwa Dolly inabadwa pa 5 Julaye 1996 ku Roslin Institute, pafupi ndi Edinburgh. Gulu la Ian Wilmut ndi Keith Campbell linatenga selo la bere la nkhosa ya zaka 6, n'kuliphatikiza ndi dzira lochotsedwa phata pogwiritsa ntchito mphamvu yochepa ya magetsi, kenaka n'kuika mluzawo m'chiberekero cha nkhosa ina. Pa mazira 277, mwana wamoyo anali mmodzi yekha. Dolly anabereka ana 6 mwachibadwa, ndipo anaphedwa mu Febuluwale 2003 atadwala mapapo.

Pambuyo pa kubadwa kwa Dolly, mwa njira yomweyi panabadwa mphaka mu 2001, galu mu 2005 ndi anyani ku China mu 2017. Ku South Africa ng'ombe yotchedwa Futhi inabadwa mu 2003. Zolinga zake n'zosiyanasiyana. Oweta amafuna kusunga nkhunzi kapena hatchi ya mtundu wapamwamba, ofufuza za mankhwala amafuna nyama zofanana zoyeserapo, ndipo osamala zachilengedwe amayesa kupulumutsa mitundu imene ikutha, monga anachitira ku America mu 2020 ndi kanyama kotchedwa black-footed ferret, kuchokera ku maselo amene anaumitsidwa mu 1988. Ntchitoyi ikadali yodula, miluza yambiri imafa isanabadwe, ndipo maiko ambiri anakhazikitsa malamulo oletsa kuiyesa pa munthu.