Mwala Wosindikiza Zithunzi ndi Nkhani ya Ozisunga

M'chaka cha 1796, mu mzinda wa Munich ku Germany, mlembi wa maseŵero dzina lake Alois Senefelder anali kufunafuna njira yotsika mtengo yosindikizira zolemba zake. Iye anapeza kuti mwala wosalala wa laimu ukhoza kugwira ntchitoyo, ndipo kumeneko ndiko kunali kubadwa kwa luso lotchedwa lithography.

Chinsinsi chake n'chodziŵika kwa aliyense wotsuka mbale: mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mmisiri amajambula pamwalapo ndi choko cha mafuta, kenaka amanyowetsa mwala wonsewo. Akapaka inki, imakakamira pamene pali mafuta pokha, ndipo pepala likapanikizidwa pamenepo limatenga chithunzicho.

M'zaka za m'ma 1900, akatswiri monga Wassily Kandinsky ndi Joan Miró anagwiritsa ntchito njirayi pojambula zithunzi zosafanizira munthu, nyama kapena mtengo, koma mizere, madontho ndi zozungulira basi. Osonkhanitsa zithunzi zotere amayamba ayang'ana m'munsi mwa pepala, pamene mmisiri amalemba dzina lake ndi pensulo pamodzi ndi nambala. Nambala yonga 12/50 itanthauza kuti chithunzicho n'cha 12 mwa 50 zokha. Zikakwanira, mwala uja amaupala, ndipo kuchepa kwa zithunzizo ndiko kumakweza mtengo wake.

Kujambula kotereku si kwachilendo kuno kwathu. M'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, Akafula anasiya mizere ndi zozungulira zofiira kalekale. Bungwe la UNESCO linavomereza malo 127 a kumeneko kukhala chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Kusiyana kwake n'kwakuti thanthwe silinyamulika, pamene pepala limapita kwa amene ali ndi ndalama.

Nkhani ya kunyamulikayi ikuikhudza Karonga mwa njira yodabwitsa. Miyala yabwino yosindikizira inkakumbidwa ku Solnhofen, ku Germany komweko. M'chaka cha 1861 okumba anapeza m'miyalamo mafupa a cholengedwa chamakedzana chokhala ndi nthenga, chotchedwa Archaeopteryx, ndipo chaka chotsatira nyumba yosungiramo zakale ya ku London inawagula. Zotere zinachitikanso ku Karonga. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa miyala Frank Dixey anatola mafupa a chinyama chachikulu m'bomali, ndipo anakasungidwa ku Cape Town, kumene Sidney Haughton anawafotokoza m'chaka cha 1928. Eni nthaka sanawaonenso. Chinyamacho chinalandira dzina la Malawisaurus m'chaka cha 1993.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 2004, pamene nyumba ya Cultural and Museum Centre Karonga inatsegulidwa. M'menemo munaimikidwa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, choumbidwa potengera mafupa enieni, monga momwe pepala limatengera chithunzi pamwala. Mwana wa sukulu wa ku Chilumba kapena ku Kaporo anapeza mwayi woona chuma cha kwawo popanda kuoloka malire.

Mbiri ya kusonkhanitsa zaluso iphunzitsa kuti wosunga chinthu ndiye amasankha amene adzachione. Pamene amisiri a m'Malaŵi akujambula lero, alendo ndiwo amagula zambiri mwa ntchito zawo. Ngati masukulu, mipingo ndi mabanja a kuno sasungako zina, adzukulu adzayenda ulendo wautali kukaona zimene agogo awo anajambula.