Mbiri ya Kuwonjezera Mphamvu Kompyuta ya Magemu ndi Ndalama Zochepa

Chizolowezi chosintha zipangizo za m'kati mwa kompyuta chimodzichimodzi, m'malo mogula ina yatsopano, chinazika mizu mu 1981. Pa 12 Ogasiti chaka chimenecho kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yotchedwa IBM PC. Amisiri omwe anaipanga ku Boca Raton, ku Florida, motsogozedwa ndi Don Estridge, anali pa liwiro, choncho anagwiritsa ntchito zinthu za makampani ena: purosesa ya Intel 8088 ndi pulogalamu yoyendetsera makina yochokera ku Microsoft. Pa bolodi lalikulu anasiyapo mipata 5 yolowetsamo makhadi owonjezera, ndipo anasindikiza buku lofotokoza mmene zonse zinalumikizidwira. Makampani ena, monga Compaq mu 1983, anayamba kupanga makina ofanana nawo, ndipo zipangizo za kampani ina zinayamba kugwira ntchito m'bokosi la kampani inzake.

Makinawa anapangidwira ntchito za mu ofesi, koma amene anawakankha kuti azikula msanga ndi okonda magemu. Poyamba vuto linali phokoso: kasipika ka m'kati kankangolira "piii". Khadi la AdLib la 1987 ndi la Sound Blaster la 1989 anabweretsa nyimbo zomveka, ndipo mabanja ambiri anatsekula bokosi la kompyuta koyamba pofuna kulowetsa khadi lotere. Gemu ya Doom itatuluka mu Disembala 1993 inkafuna RAM ya mamegabaiti 4, ndipo ana ambiri anayamba kuumiriza makolo kuti awonjezere RAM. Mu 1996 kampani ya 3dfx inatulutsa khadi la zithunzi la Voodoo. Khadili silinkagwira ntchito palokha: linkakhala pambali pa khadi lakale, ndipo kachingwe kakafupi kankalumikiza makhadi awiriwa kuseri kwa bokosi. Kuyambira nthawi imeneyo, khadi la zithunzi ndilo limadya gawo lalikulu la ndalama za wosewera.

Kwa anthu a m'thumba mochepa, chaka chosaiwalika ndi 1998, pamene Intel inatulutsa purosesa yotsika mtengo ya Celeron 300A. Anthu anatulukira kuti akasintha liwiro la bolodi kuchoka pa 66 MHz kufika pa 100 MHz, purosesayo inkathamanga pa 450 MHz m'malo mwa 300, n'kumapikisana ndi Pentium II yomwe mtengo wake unali wokwera kangapo. Nkhaniyi inafala m'magazini ndi pa intaneti, ndipo inaphunzitsa mbadwo wonse kuti kudziwa kumatha kulowa m'malo mwa ndalama. Phunziro lina linali lowawa: purosesa yothamangitsidwa mopitirira muyezo imatentha, ndipo popanda fani yabwino makina amangozima.

Njira yomwe makolo ambiri amatsata masiku ano inatchuka cha m'ma 2014. Makampani akuluakulu amasintha makompyuta a mu ofesi pakapita zaka zochepa, ndipo mabokosi monga Dell OptiPlex ndi HP EliteDesk amagulitsidwa motchipa ngati kaunjika, ena mpaka kufika m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Chovuta chake n'chakuti kabokosi kogawa magetsi m'makinawa n'kofooka. Mu Febuluwale 2014 Nvidia inatulutsa khadi la GeForce GTX 750 Ti, lomwe limadya mawati pafupifupi 60. Popeza mpata wa PCI Express umapereka mpaka mawati 75, mitundu yambiri ya khadili siinkafuna chingwe chapadera cha magetsi. Munthu ankangomasula chivundikiro, n'kukankhira khadi mu mpata mpaka kachotsekera kalire, n'kumanga sikuluwu imodzi. Akawonjezera RAM kufika magigabaiti 8 ndi kuika SSD m'malo mwa hadi disiki yozungulira, kompyuta ya kalaliki inkasanduka yoti mwana n'kuseweretsapo Minecraft, Roblox, kenako Fortnite ya 2017. Nzeru ya amisiri apa ndi yofufuza kaye chipangizo chomwe chikuchedwetsa zinzake, chifukwa khadi lodula loikidwa pa purosesa yokalamba ndi ndalama zotayika.

Chizolowezichi chakumana ndi mikwingwirima. Mu 2017, komanso mu 2020 ndi 2021, okumba ndalama za pa intaneti monga Ethereum anasesa makhadi a zithunzi m'masitolo, ndipo kusowa kwa tizipangizo ta m'kati pa nthawi ya Covid-19 kunakweza mitengo mpaka makhadi ena akale ankagulitsidwa modula kuposa mmene analili ali atsopano. Mitengo inatsika mu 2022, chaka chomwe Ethereum inasiya kudalira makhadiwa mu Seputembala. Kenako Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imakana mapurosesa ambiri a Intel otuluka 2017 isanafike. Zimenezi zachititsa kuti ogula makina a kaunjika ayambe afunsa kaye m'badwo wa purosesa asanafunse mtengo, ndipo ena asamukira ku Linux, komwe pulogalamu ya Proton ya kampani ya Valve yakhala ikuyendetsa magemu ambiri a Windows kuyambira 2018.