Mdindo ndi Njerwa: Mbiri ya Kamangidwe ka Milatho ya M'mizinda

Aliyense amene adakulira kumudzi amadziwa kuti pali njira ziwiri zoimikira khoma la nyumba. Pali mdindo, pomwe mmisiri amaimika matabwa awiri, kuthira dothi lonyowa pakati pake, kulisinja, n'kudikira kuti ligwirane asadakwezenso matabwawo. Palinso njerwa, zomwe zimaumbidwa m'chikombole kudambo ndi kuotchedwa komweko, kotero kuti pofika pamalo omangapo zimakhala zitakhwima kale. Ndikamawerenga mbiri ya milatho ndi misewu yam'mwamba ya m'mizinda ikuluikulu, ndimapeza kuti mainjiniya akhala akulimbana ndi njira ziwiri zomwezi. Ine ndimaona kuti chimene chakhala chikugamula mkanganowu ndi funso limodzi: kodi msewu wapansi utsekedwe kwa nthawi yaitali bwanji?

Njira yomwe tidaizolowera ndi ya mdindo. Amisiri amaimika nkhalango ya mapaipi ochirikiza, pamwamba pake n'kukhoma matabwa, kuluka zitsulo, kenako kuthira konkire. Konkireyo sachedwa kugwirana, koma mphamvu yake imene mainjiniya amadalira amaiyeza patapita masiku 28. Kuthengo kudikira kotere sikupweteka munthu. Mumzinda nkhani ndi ina, pakuti mapaipi aja amaima pamsewu pomwe pamadutsa mabasi, maambulansi ndi ana asukulu. Tsiku lililonse lomwe konkire akukhwima, anthu zikwizikwi amakhala akulipira ndi nthawi yawo komanso mafuta a galimoto zawo, ngakhale kuti mtengo umenewu sulembedwa pa pepala la kontirakitala.

Komabe, milatho yoyamba yopangidwiratu kwina sidabwere chifukwa cha kuchuluka kwa galimoto. Idabwera chifukwa cha kutalika kwa mtunda. Chitsanzo chake tili nacho pafupi, pa mtsinje wa Zambezi. Zitsulo za mlatho wa pa Victoria Falls zidasulidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge ku Darlington, m'dziko la England, n'kubwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, ndipo kuchoka kumeneko zidakwera sitima yapamtunda. Pansi pa phompho la mamita 128 sipakadatheka kuimikapo zochirikiza, choncho amisiri adayambira kutsidya lino ndi kutsidya lina, kulumikiza chitsulo ndi chitsulo mpaka mbali ziwirizo zidakumana pakati. Ntchito yonse idatenga miyezi 14 ndipo mlathowo udatsegulidwa mu Sepitembala 1905.

Nkhondo nayo idaphunzitsa anthu changu. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, Donald Bailey wa ku Britain adakonza mlatho wa zigawo zachitsulo zofanana, chilichonse chotalika mamita atatu ndi cholemera pafupifupi makilogalamu 260, choti amuna asanu ndi mmodzi n'kuchinyamula pamanja. Asilikali ankalumikiza zigawozi kugombe n'kukankhira mlathowo kutsidya. Ife Amalawi milatho ya Bailey timaidziwa bwino, chifukwa ndi imene kawirikawiri imaikidwa madzi osefukira akakokolola mlatho.

Chitsulo chidali chosavuta kudula ndi kulumikiza, koma konkire ankakana. Iye amapirira akamapanikizidwa, koma akangokokedwa amang'aluka. Amene adamasula mfundo imeneyi ndi Mfalansa wina, Eugène Freyssinet, yemwe adalembetsa luso lake m'chaka cha 1928. Nzeru yake ndi yomwe mnyamata wothandiza womanga amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku: akandanda njerwa zisanu n'kuzifinya ndi manja mbali zonse ziwiri, amatha kuzinyamula ngati chinthu chimodzi. Freyssinet adapyoza zingwe zachitsulo m'kati mwa konkire n'kuzikunga kolimba, ndipo zingwezo zidagwira ntchito ya manja aja. Mlatho wake wa ku Luzancy pa mtsinje wa Marne, wotalika mamita 55, udamangidwa ndi zigawo zoumbidwiratu ndipo udatha m'chaka cha 1946, nthawi imene dziko la France limafuna milatho yambiri m'malo mwa yomwe idaphwanyidwa pankhondo.

Wophunzira wake, Jean Muller, adapita patsogolo. Pomanga mlatho wa ku Choisy-le-Roi pa mtsinje wa Seine, kufupi ndi Paris, pakati pa 1962 ndi 1964, iye ankaumba chigawo chilichonse chogunditsa kumaso kwa chinzake chomwe chidzayandikane nacho pamlatho. Motero zigawozo zinkalumana bwino lomwe, ndipo pakati pake pankangopakidwa guluu wolimba m'malo mwa matope a simenti odikira kuuma. Apa m'pamene njerwa idalowera mumzinda.

Kuyambira pamenepo mizinda yothinana idaikonda njirayi. Ku Bangkok, msewu wam'mwamba wa Bang Na, wotalika makilomita 54, udamangidwa ndi zigawo zoumbidwiratu pamwamba pa msewu wina waukulu, ndipo udatha m'chaka cha 2000. Ku Beijing, mu Novembala 2015, amisiri adachotsa thunthu lakale la mlatho wa Sanyuan n'kulowetsapo latsopano lolemera matani oposa 1,300 m'maola 43 okha. Ku Nairobi, msewu wa makilomita 27 womwe udatsegulidwa m'chaka cha 2022 uli ndi chigawo chachitali choyenda pamwamba pa mizati, ndipo mitanda yake idaumbidwa pabwalo lina n'kubwera pa malole.

Koma walira mvula walira matope. Njira ya njerwa imafuna bwalo lalikulu loumbirapo, zikombole zachitsulo, malole aatali ndi makina okweza katundu wolemera, ndipo zambiri mwa izi dziko losauka limagula kunja ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zimabwerera pokhapokha ngati chikombole chimodzi chiumba zigawo zofanana mazanamazana. Pa mlatho umodzi waufupi, kapena wokhotakhota, mdindo umakhalabe wotsika mtengo, ndiponso umalemba ntchito akalipentala, oluka zitsulo ndi aganyu ambiri a m'dera lomwelo. Tisaiwalenso kuti maziko amathiridwa pamalo pomwepo ngakhale mlatho ukhale wamakono chotani, ndipo kuti mlatho wa zigawo umadwalira molumikizira, momwe madzi akalowa amadyetsa zingwe zija dzimbiri.

Pali ngozi ziwiri zimene ndimafuna kuti aliyense wokonda kuyamikira njira imodzi azizikumbukira. Pa 14 Okutobala 2015, zitsulo zongoyembekezera zomwe zidaimikidwa pomanga mlatho wa oyenda pansi pa Grayston Drive ku Johannesburg zidagwera pa msewu wa M1, galimoto zili kudutsa, ndipo anthu awiri adafa. Pa 15 Malichi 2018, ku Miami m'dziko la America, thunthu la mlatho wa oyenda pansi lolemera matani 950 lidagwa n'kupha anthu asanu ndi mmodzi. Thunthu limeneli lidaumbidwa pambali pa msewu ndipo lidali litakwezedwa pamizati masiku asanu okha m'mbuyomo, anthu akuyamikira kuti msewu sudatsekedwe nthawi yaitali. Ofufuza a boma adapeza kuti masamu a pulani adalakwika, ming'alu idaoneka ndipo idakambidwa, koma palibe amene adalamula kuti msewu wapansi utsekedwe.

Ngozi yoyamba idachokera ku zochirikiza, zomwe ndi msana wa njira yakale, ndipo yachiwiri idagwera njira yatsopano. Chofanana n'chakuti konseko pansi padali anthu oyenda ulendo wawo, osadziwa kanthu. Mzinda wamakono udafika poopa kutseka msewu kuposa china chilichonse, ndipo mantha omwewo amene adabala luso la Muller ndi amenenso amatseka pakamwa munthu woyenera kukuwa kuti galimoto ziime. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Mizinda yathu nayo ikukula. Lilongwe idaona msewu wodutsa pamwamba pa unzake ku Area 18 m'chaka cha 2020, ndipo galimoto zikamachuluka chonchi milatho yotere idzafunika yambiri. Tsiku limene akuluakulu adzakhale pansi kusankha pakati pa mdindo ndi njerwa, ine ndikadakonda kuti pambali pa mtengo wa simenti adzawerengenso maola a mayi wa geni wokhala m'minibasi yosasuntha, ntchito za amisiri athu, ndi ndalama zakunja zogulira makina. Koposa zonse, adzalembe momveka bwino dzina la udindo wa munthu amene ali ndi mphamvu yotseka msewu pamene mng'alu waoneka, ndipo munthuyo asadzaope kudzudzulidwa chifukwa cha mdipiti wa galimoto wa tsiku limodzi.