Masiku 23 Amene Madokotala a ku Saskatchewan Ananyanyala Ntchito

Pa 1 July 1962, anthu a m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada anapeza zitseko za madokotala ambiri zili zotseka. Pafupifupi madokotala 9 mwa 10 alionse anali atanyanyala ntchito, kungosiya anzawo ochepa m'zipatala zina kuti azithandiza odwala mwakayakaya. Chinawapsetsa mtima ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo, loti boma ndilo lizilipira dokotala akaona wodwala.

Mwini maganizowa anali Tommy Douglas, mbusa wa mpingo wa Baptist ku Weyburn, yemwe chipani chake cha CCF chinatenga boma la chigawochi mu 1944. Ali mwana ku Winnipeg, Douglas anatsala pang'ono kudulidwa mwendo chifukwa cha matenda a m'fupa. Anamupulumutsa ndi dokotala wina amene anavomera kumuchita opaleshoni mwaulere, malinga ophunzira ake aonerere. Mu 1947 boma la Douglas linayambitsa inshuwaransi yolipirira aliyense wogonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala sanachite nazo phokoso, poti malipiro awo sanakhudzidwe.

Koma malipirowo atakhudzidwa, zinavuta. Madokotalawa sankadana ndi inshuwaransi. Anali ndi mabungwe awoawo, monga Medical Services Incorporated ku Saskatoon ndi Group Medical Services ku Regina, komwe mawu awo pa mitengo ankamveka. Iwo ankati wopeza bwino azidzigulira yekha inshuwaransi, boma lizingolipirira osauka. Boma linkati aliyense, mlimi wa tirigu ndi loya yemwe, asonkhe m'thumba limodzi. Ngakhale madokotala ankalankhula kwambiri za ufulu wa wodwala, gwero la mkangano linali loti thumbalo asunge ndani.

Douglas anachoka mu 1961 kukatsogolera chipani chatsopano cha NDP, ndipo moto wonse unatsalira womulowa m'malo, Woodrow Lloyd, yemwe kale anali mphunzitsi. Amayi oopa kuti madokotala awo asamuka anayambitsa magulu a Keep Our Doctors, ndipo nyuzipepala zambiri zinaima nawo. Boma nalo linaitanitsa madokotala ochokera ku Britain ndi kwina, pamene nzika zina zinatsegula makiliniki awoawo. Pa 11 July magulu aja anaitanitsa chionetsero ku nyumba ya malamulo ku Regina, koma kunangofika anthu pafupifupi 4,000, ochepa kwambiri poyerekeza ndi chinamtindi chomwe ankayembekezera. Kuyambira pamenepo sitiraka inayamba kufooka.

Mkhalapakati anali Lord Taylor, dokotala wa ku Britain wa chipani cha Labour. Pangano lomwe linasainidwa ku Saskatoon pa 23 July linalola dokotala kutumiza bilu kudzera m'mabungwe aja kapena kugwira ntchito kunja kwa ndondomeko ya boma, koma inshuwaransi ya anthu onse inakhalabe. Madokotala sanasanduke antchito a boma, ndipo mpaka lero ambiri ku Canada amalipidwa malinga ndi thandizo lomwe apereka.

CCF inagwa pa chisankho cha 1964, koma Ross Thatcher wa chipani cha Liberal, yemwe anatenga boma, sanaichotse ndondomekoyi. Chaka chomwecho komiti ya woweruza Emmett Hall inalangiza kuti dziko lonse litengere Saskatchewan. Lamulo la dziko lonse linadutsa mu 1966, ndipo pofika 1972 zigawo zonse zinali zitalowa. Mankhwala ogula kufamase, mano ndi magalasi a maso sizinalowe m'lamulolo, ndipo makampani a inshuwaransi anapeza msika pamenepo. Group Medical Services ikugulitsabe inshuwaransi yotere ku Regina.